Auto Hold ikamakana kugwira kapena kulekerera: muyambire pati?

Tsiku lachiwiri ndikuyendetsa galimoto yokhala ndi batani la Auto Hold, ndinatsala pang'ono kuswa magetsi akumbuyo a galimoto ya mwini. Dzulo lake ndinali nditayenda tsiku lonse mtima uli m'malo. Ndikaima pa maloboti ndinkachotsa phazi pa buleki, galimoto n'kungoti chilili, mwendo n'kumapuma. M'mawa mwake ndinaliza injini, ndinafika pamzere wa magalimoto, ndinaima, n'kuchotsa phazi ngati dzulo lija, maso ali pa wailesi. Podzutsa mutu ndinaona bampala ya mnzanga ikundiyandikira. Ndinaponda buleki mwamphamvu moti chikwama chimene chinali pampando chinakagwera pansi. Madzulo ake ndinali wokonzeka kupita nayo kwa amakaniko, koma panalibe chowonongeka. Galimotoyo imaiwala batani lija ukangozimitsa injini, ndipo ine sindinayang'ane pa dashibodi.

Madandaulo ambiri a Auto Hold ndi otere. Anthu amati yafa, pamene yangokana dala chifukwa china chake sichinakwanire. Zowonongeka zenizeni ziliponso ndipo tizifika, koma musanatulutse ndalama yambani mwadziwa chimene chimachitika phazi lanu likachoka pa buleki.

Chimene chikugwira galimotoyo

Mukaponda buleki, mafuta a mabuleki amakankha mapadi kuti afinye madisiki a matayala. Mukachotsa phazi, mphamvu ija imabwerera, matayala n'kumasuka. Auto Hold imangotsekera mphamvuyo m'mapaipi kuti isabwerere. Imachita zimenezi kudzera m'kabokosi ka ABS, dongosolo loletsa matayala kumangika mukaponda buleki mwamphamvu. Kabokosiko kali ndi timavavu ndi kapampu, ndipo imadalira masensa a pa matayala kuti idziwe kuti galimoto yaimadi. Mukaponda moto, timavavu timatseguka, galimoto n'kunyamuka. Ngati ndi ya magiya a pamanja, imalekerera kilachi ikayamba kugwira.

Ndiye kuti si handibuleki imene ikugwira, ngakhale ziwirizi zimayendera limodzi ndipo mabatani ake nthawi zambiri amakhala moyandikana. Handibuleki yamagetsi ili ndi timamota take timene timamanga matayala akumbuyo, ndipo ikamanga imakhalabe yomanga ngakhale injini itazima. Auto Hold imafuna magetsi ndi kompyuta ya galimoto zikhale maso nthawi yonse. Musaisokonezenso ndi chothandizira kunyamuka pachitunda, chimene magalimoto ambiri ali nacho ngakhale alibe batani: icho chimagwira pafupifupi masekondi awiri okha, kungokupatsani mpata wosamutsa phazi, kenako chimasiya.

Si chinthu chachilendo kwenikweni. BMW 7 Series ya 2001 inali nacho, Volkswagen Passat ya 2005 nayonso, ndipo lero chafika m'magalimoto ang'onoang'ono. Mayina ndiwo amasiyana. Toyota imalemba HOLD pa batani, Honda BRAKE HOLD, BMW Auto H, Subaru AVH, pamene Volkswagen, Hyundai, Kia ndi Mazda amalemba Auto Hold. Mercedes-Benz zambiri zilibe batani n'komwe: ukaima umaonjezera kuponda buleki mwachangu mpaka mawu akuti HOLD aoneke pa dashibodi.

Mwadina batani, sikuyaka

Yambani ndi lamba. Pafupifupi galimoto iliyonse imakana kuyatsa Auto Hold ngati dalaivala sanamange lamba, ndipo imakananso ngati chitseko chake sichinatsekeke bwino. Chifukwa chake n'chomveka: lamba womasula ndi chitseko chotsegula n'zizindikiro zoti munthu akufuna kutsika, ndipo galimoto siyenera kutsala yokha ili pa D, giya yoyendera kutsogolo, itangogwiridwa ndi mafuta a m'mapaipi. Hyundai ndi Kia zambiri zimayang'ananso boneti. Ngati munatsegula boneti m'mawa poona oyilo n'kuitseka mofatsa, kagwireni m'mphepete muone ngati ikugwedera.

Pali kamsampha kena apa. Lamba mwamanga, chitseko mwatseka, koma galimoto sikukhulupirira. M'kati mwa chomangira lamba muli kaswitchi kakang'ono, ndipo pachitseko palinso kena. Tinyenyeswa ta chakudya, fumbi kapena kandalama kachitsulo kakagweramo, kaswitchi kaja sikafika. Chizindikiro chake n'chosavuta: mangani lamba muone ngati kanyale ka munthu wovala lamba kazima, tsekani chitseko muone ngati getsi la padenga lazima. Kanyale kakakanirira, vuto si Auto Hold. Waya wa kaswitchi ka lamba umadutsa pansi pa mpando, pomwe anthu timaponyapo mabotolo ndi maambulera, ndiye kusuntha mpando kutsogolo ndi kumbuyo kumatha kuukhwefula. Chotsani katundu pansipo, koma musamazule mapulagi achikasu, chifukwa amenewo ndi a ma airbag.

Kenako funso loti galimoto yanu imakumbukira kapena ayi. Toyota zambiri ndi Honda zambiri zimafuna mudine batani ulendo uliwonse. Volkswagen zambiri zimasunga mmene munasiyira. Amene amavutika kwambiri ndi anthu osinthasintha magalimoto, ya kuntchito masana, ya kunyumba madzulo, chifukwa phazi limaphunzira khalidwe la imodzi n'kukalichita pa inzake.

Batani layaka, koma galimoto ikukwawabe

Apa ndi pamene pamafunika kudziwa mitundu ya tinyale, ndipo ndichedwapo pang'ono chifukwa anthu ambiri amagwa pomwepa. Auto Hold ili ndi magawo awiri: kukhala tcheru, ndi kugwira. Kudina batani kumangoiika tcheru. Kugwira kumabwera pambuyo poti galimoto yaimiratu ndipo buleki yapondedwa mokwanira. Gawo lililonse lili ndi kanyale kake kapena mtundu wake.

Pa Hyundai ndi Kia, mawu akuti AUTO HOLD akakhala oyera ndiye kuti ili tcheru chabe, akasanduka obiriwira yagwira, akakhala achikasu pali vuto. Pa Toyota n'zosiyana: kobiriwira ndi ka tcheru, kachikasu ndiko kakusonyeza kuti yagwira. Taonani mmene zingasocheretsere munthu. Wozolowera Hyundai akakwera Toyota, akaona chobiriwira achotsa phazi nthawi isanakwane, ndipo akaona chachikasu aganiza kuti yawonongeka pamene ikugwira ntchito bwinobwino. Pa Volkswagen zambiri mumaona chilembo P chobiriwira ikagwira, ndipo P yofiira ndi ya handibuleki. Tsegulani buku la galimoto yanu kamodzi kokha, mupeze kanyale kosonyeza kugwira, ndipo kuyambira pamenepo phazi lisachoke pa buleki musanakaone.

Ngati kanyaleko sikakubwera, nthawi zambiri mwaponda monyengerera. Madalaivala ofatsa, aja amaimitsa galimoto osagwedeza ngakhale madzi m'kapu, ndi amene amadandaula kwambiri, chifukwa pomaliza penipeni amafewetsa phazi, ndiye mphamvu yotsekera imachepa. Imani kaye, kenako onjezani kuponda pang'ono, mudikire sekondi imodzi. Onaninso giya. Pa P, giya yoimikira galimoto, sigwira chifukwa palibe chofunikira, ndipo pa magalimoto ambiri, Toyota ili m'gulu lomweli, sigwira pa rivesi. Mukamabwerera m'mbuyo pamalo otsetsereka, phazi lanu ndilo buleki.

Pachitunda chachikulu, kapena galimoto italemedwa, kapena mukukoka ngolo, ikhoza kukana kugwira kapena kukuuzani kuti mupondebe buleki. Pamsewu woterera, pamatope kapena pa madzi oundana, ngakhale itamanga matayala onse anayi galimoto ikhoza kutsetsereka matayala ali chomangika, ndipo masensa a pa matayala sangaone kanthu popeza sakuzungulira. Pamalo otere musaikhulupirire.

Imanjanja ponyamuka

Ili ndilo dandaulo limene limachititsa anthu ambiri kulizimitsa batanilo osadzalikhudzanso. Maloboti alola, mwaponda moto, galimoto yakhala ngati yakakamira, kenako yadumpha ngati chule, mitu ya okwera n'kugunda kumbuyo.

Chimene chasowa ndi kukwawa kuja. Galimoto ya otomatiki mukachotsa phazi pa buleki imayamba kuyenda yokha pang'onopang'ono, moti pofika nthawi yoponda moto imakhala ili kale m'njira. Auto Hold ikagwira, kukwawako kulibe. Inu mukaponda moto mwa masiku onse, injini imakwera buleki isanamalize kumasuka, ndiye zonse zimabwera nthawi imodzi. Mankhwala ake ali m'phazi. Gawani kupondako pawiri: khudzani chopondera moto pang'ono ngati mukugogoda pakhomo, mumve galimoto ikumasuka n'kuyamba kukwawa, kenako onjezani moto. Masiku atatu kapena anayi phazi limazolowera.

Zimakula ngati galimoto ilinso ndi kuzimitsa injini yokha poima. Pa magalimoto ambiri, Auto Hold ikagwira injini imakhalabe yozima ngakhale mutachotsa phazi pa buleki, n'kudzalira pokhapokha mwaponda moto. Ndiye kuponda kumodzi kukuyembekezeka kuliza injini, kumasula buleki ndi kunyamula galimoto. Kugogoda kuja kumathandiza apanso, makamaka mukakuchita mukangoona kuti wapatsogolo wayamba kusuntha. Ine ndikakhala pamphambano pamene ndiyenera kulowa msanga mumsewu wodzaza, ndimazimitsa chimodzi mwa ziwirizi.

Pali malo ena amene sindilimbana nayo n'komwe, ndimangoizimitsa. Poimika galimoto pamalo opanikiza, pamene mukufuna kusendera masentimita khumi okha kuti musagunde khoma, Auto Hold ndi mdani. Mukaima imagwira, kuti musunthe muyenera kuponda moto, ndipo khoma lili pomwepo. Kukwawa kolamulidwa ndi buleki n'kotetezeka kuposa pamenepo. Chimodzimodzi polumikiza ngolo, pokweza galimoto pa matabwa a m'galaja, komanso pamdipiti umene ukusendera osaimiratu. Kotsukira magalimoto kwa makina okoka galimoto, izimitseni musanalowe, apo ayi matayala adzamangika makinawo akukoka. Dziwani kuti ngati yagwira kale, magalimoto ambiri amafuna muyambe mwaponda buleki kenako mudine batani, kuti isakumasukireni mwadzidzidzi.

Yamanga handibuleki yokha

Mwaima nthawi yaitali, mwina kutsogolo kwachitika ngozi, kenako mukumva kulira kwa timamota kumbuyo, kanyale kofiira n'kuyaka. Palibe chawonongeka. Auto Hold sinapangidwe kuti igwire mpaka kalekale, ndiye ikatopa imasiyira mnzake. Toyota imachita zimenezi pakatha pafupifupi mphindi zitatu, Honda ndi Mazda pakatha pafupifupi mphindi khumi. Imateronso nthawi yomweyo mukamasula lamba, mukatsegula chitseko kapena mukazimitsa injini ili chigwirire.

Kuti munyamuke, pa magalimoto ambiri kumanga lamba n'kuponda moto n'kokwanira, handibuleki imamasuka yokha. Ikakana, pondani buleki n'kudina kaswitchi ka handibuleki. Amene amasokonezeka ndi uja anamasula lamba kuti atenge chikwama kumpando wakumbuyo: mzere wayamba kuyenda, iye akuponda moto, injini ikungolira, am'mbuyo ayamba kuimba mahutala. Bwezerani lamba, basi.

Koma izi zisakupatseni ulesi. Poti galimoto imamanga handibuleki yokha mukatsegula chitseko, ena amazolowera kutsika ili pa D, kukatsegula geti kapena kutsitsa katundu. Chizolowezi chimenechi ndimadana nacho kwambiri. Mwaika moyo wa aliyense woima kutsogolo kwa galimotoyo pa kaswitchi ka pachitseko kaja tanena kuti fumbi limakasokoneza. Ndipo tsiku limene mudzaiwale kudina batani, kapena mudzabwereke galimoto ina, phazi lidzachita zomwezo. Musanatsike, ikani pa P, mangani handibuleki.

Phokoso

Kulira kwa mtundu wa kubuula galimoto ikamamasuka n'kwachibadwa, makamaka m'mawa kapena kukagwa mvula. Madisiki amachita dzimbiri lopyapyala usiku umodzi wokha, ndipo mapadi amakhala ngati amatirira pang'ono asanalekerere. Mukayenda makilomita ochepa n'kuponda buleki kangapo, kumachepa. Kakulira ka pampu kuchokera ku injini, kapena chopondera buleki kukhala cholimba mukachipondanso ili chigwirire, nazonso si zodetsa nkhawa.

Chosiyana ndi ichi: phokoso lachitsulo chokhulana ndi chitsulo chinzake mukuyenda, fungo lopserera, kapena tayala limodzi lotentha kuposa anzake pambuyo pa ulendo waufupi. Yandikizani dzanja pafupi ndi rimu osakhudza, muyerekeze mbali zonse. Ngati mbali imodzi ikutentha kwambiri, kalipa, chitsulo chofinyira mapadi, ya tayala limenelo ikukakamira, ndipo imeneyo ndi nkhani ya mabuleki enieni, osati ya batani.

Ena amafunsa ngati Auto Hold imadya mapadi. Mapadi amatha pokhulana ndi disiki yozungulira. Galimoto itaima palibe chikukhulika, kaya wafinya ndi phazi lanu kaya ndi vavu. Magetsi a buleki akumbuyo nawonso amakhalabe oyaka ikagwira pa magalimoto ambiri, ndiye wam'mbuyo akuona kuti mwaima.

Ikakhala yawonongekadi

Mudzadziwa chifukwa galimoto imanena. Pa Hyundai ndi Kia kanyale kamakhala kachikasu, pa Toyota ka HOLD kamaphethira, kwina pamabwera uthenga woti Auto Hold sikupezeka. Chinthu choyamba, onani tinyale tina tayaka limodzi nako. Kakayaka limodzi ndi ka ABS ndi ka chithunzi cha galimoto yoterereka, Auto Hold yangovutikira za eni. Imadalira kabokosi ka ABS, ndiye kabokosiko kakadandaula, iyo imadzizimitsa.

Woyamba kumukayikira ndi batire. Anthu amadabwa, amati injini ikulira bwinobwino, batire lalakwa chiyani? Koma poliza injini magetsi amatsika kwa kanthawi, ndipo batire likakalamba amatsika kwambiri moti makompyuta ena amadzuka mosokonezeka n'kulemba vuto. Chizindikiro chake n'chakuti uthengawo umabwera m'mawa kukazizira kapena galimoto ikakhala masiku osayenda, ndipo umachoka mukazimitsa n'kulizanso mutayenda kanthawi. Yezani ndi mita galimoto itagona usiku wonse. Batire labwino limaonetsa pafupifupi mavoti 12.6. Likafika cha m'ma 12.2 latsala theka, ndipo pansi pa 12 lafooka. Injini ikulira muyenera kuona cha m'ma 14, ngakhale magalimoto atsopano amasinthasintha nambala imeneyi dala. Gwedezaninso mitu ya batire. Mutu wokhwefuka kapena wodzaza ufa woyera umabweretsa zizindikiro zomwezo, ndipo kukonza kwake ndi sipanala ndi burashi.

Wachiwiri ndi sensa ya pa tayala. Imakhala pamalo oipa, pafupi ndi matope, madzi ndi miyala, ndipo waya wake umapindika nthawi iliyonse tayala likakwera ndi kutsika. Ngati vutolo layamba mutangodutsa m'madzi, mutagunda dzenje, kapena amakaniko atangosintha beringi kapena shokabu, yambirani pa tayala limenelo. Beringi zambiri zili ndi mphete ya maginito imene sensa imawerenga, ndipo ikaikidwa chotembenuza sensa siona kanthu. Matayala osiyana kukula, kuphatikizapo sipeya yaing'ono ija, amathanso kusokoneza mawerengedwe.

Wachitatu ndi kaswitchi ka pa chopondera buleki, kamene kamayatsa magetsi ofiira akumbuyo. Pemphani wina aime kumbuyo inu mukuponda ndi kusiya. Magetsi akapanda kuyaka, akachedwa, kapena akakhala oyaka phazi mutachotsa, mwamupeza wolakwa. Kaswitchi komweko kakafa, galimoto ina imavuta kuchoka pa P kapena kulira ndi batani lolizira injini.

Onaninso mafuta a mabuleki m'kabotolo ka pansi pa boneti. Akatsika pang'onopang'ono m'miyezi yambiri, kawirikawiri ndi mapadi amene akutha. Akatsika msanga, pena pakudontha, ndipo galimotoyo isayende mpaka pataoneka. Pothira, werengani chivindikiro: chimalemba mtundu wofunika, DOT 3 kapena DOT 4 pa magalimoto ambiri. Mafutawa amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake opanga ambiri amati asinthidwe pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Ngati kanyale kofiira ka mabuleki kayaka handibuleki ili yomasula, kapena chopondera chikumira pang'onopang'ono mukachigwira, iwalani za Auto Hold, imikani galimoto pambali.

Zonsezi zikakhala bwino, yakwana nthawi yoika pa kompyuta. Koma funsani kaye ngati makina awo amawerenga ABS ndi handibuleki yamagetsi. Timakina totchipa tolumikiza pa pulagi yoyezera galimoto yotchedwa OBD tambiri timangowerenga za injini, ndiye adzakuuzani kuti palibe vuto kanyale kali ngwee pamaso panu. Musalolenso kuti angofufuta makodi osawalemba penapake. Kodiyo imatchula tayala lenileni kapena waya weniweni, ndipo ikafufutidwa muyenera kudikira kuti vutolo libwerenso. Wina akathamangira kunena kuti kabokosi konse ka ABS kafa, asanayeze batire, mafyuzi ndi mawaya a masensa, ine ndimakafunsanso kwina, chifukwa kabokosiko ndi kodula kuposa zonse tatchulazi ndipo si kamene kamayamba kufa.

Chomaliza chimene ndachionapo kangapo ndi vuto lobwera tsiku lomwelo mapadi akumbuyo atasinthidwa. Pa galimoto ya handibuleki yamagetsi yokhala ndi timamota pa makalipa, pisitoni sibwezedwa ndi mphamvu ngati pa magalimoto akale. Galimoto imayenera kuikidwa kaye m'dongosolo lokonzera, kudzera pa kompyuta kapena podina mabatani motsatira buku lake, kuti kamota kabwerere kokha, ndipo ntchito ikatha imayenera kutulutsidwamo. Akadumpha sitepe yoyamba, kamota kamatha kuwonongeka. Akaiwala yachiwiri, mudzatuluka m'galaja handibuleki ndi Auto Hold zonse zikukana. Musanalipire, lizani injini pomwepo, mangani lamba, mangani ndi kumasula handibuleki kawiri, kenako sunthani mamita ochepa, imani, mudikire kanyale kosonyeza kugwira amakanikowo akuona.